Chifuwa cha apongozi anga

Ndinakwatiwa kumpoto, ku Kaporo, ndili mtsikana wa ku Dedza wodziwa kugwada basi. Ndinkayesa ulemu wonse wa padziko ndi umenewo: kugwada, kuwomba m'manja, kupereka madzi ndi manja awiri. Tsiku lomwe ndinafika, apongozi anga aakazi anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundiuza m'Chichewa chawo chopindika chija kuti, "Mkamwana, kuno bambo a mwamuna wako suwayang'ana. Suwalankhula. Akamabwera uku, iwe upite uko." Ine ndinaseka poyesa kuti ndi nthabwala zolandirira mlendo. Iwo sanaseke.

Mabanja ambiri m'deralo anaufewetsa kale mwambo umenewu, ena anausiyiratu. Koma pakhomo pomwe ndinagwera ine ankausunga ngati mbewu. Apongozi anga aamunawo, amene ana awo ankawaitana kuti Tata, anali ndi njira yawo yondithandizira. Akamachokera kumunda wa mpunga kapena kukhola, akafika pa mtengo wa mango wa pakhomo ankatsokomola pang'ono. Ine ndikamva, ndinkafunda chitenje kumutu n'kulowa m'khitchini mpaka adutse. Poyamba zinkandiwawa, ndinkadziona ngati wakuba pakhomo panga pomwe. Kenako thupi linazolowera. Ndikangomva kakhosomo, miyendo inkanyamuka yokha mutu usanaganize.

Musaganize kuti anali munthu wankhanza, ayi ndithu. Ndili ndi pakati ndinkapeza nzimbe zosenda kale pakhonde, tsiku lina chambiko m'kachigubu, wosiya osaoneka. Ndinkawadziwa ndi mawu, poti ankakonda kuimba nyimbo za kutchalitchi pomanga ng'ombe pagoli. Ndinkawadziwanso ndi zidendene zawo zong'aluka ndi matope a m'madimba. Nkhope yokha ndiyo sindinkaidziwa. Akanandidutsa pamsika wa paboma atavala nsapato, osalankhula, sindikanawazindikira.

Zinthu zinasokonekera motsatizana. Apongozi aakazi anamwalira. Amuna anga, amene ndi msilikali ndipo nthawiyo anali ku Chilumba, anatumizidwa kunja kwa dziko kukagwira ntchito. Alamu anga aakazi anali kumabanja, wina ku Mzuzu, wina kutsidya kwa Songwe. Pakhomo tinatsala atatu: ine, khanda langa la kumsana, ndi Tata.

Anthu awiri osalankhulana angakhale bwanji pakhomo limodzi? Tinapeza njira. Tinkalankhulana kudzera mwa mwana, mwana woti mano sanamere. Tata ankaima kuseri kwa khitchini n'kunena mokweza, "Iwe kamwana, uwauze amako kuti ng'ombe yathyola mpanda." Ine ndili m'kati ndinkayankha, "Uwauze agogo ako kuti tamva, ndipo chakudya chawo chili pakhonde." Mwanayo ali phee kuyamwa. Masiku ena ndinkaseka ndekha mpaka misozi.

Chifuwa chinayamba nthawi yowokera mpunga. Ndikusinja, ndamva kutsokomola, ndataya munsi, ndathawira m'khitchini. Ndadikira, ndadikira, palibe wodutsa. Ndatuluka, ndagwira munsi, kutsokomola kwayambanso. Tsiku lina nyemba zinapserera pamoto ndili chibisalire kuseri kwa chitseko. Ndinakwiya kwabasi. Mumtima ndinkati, kodi mdala ameneyu akuzungulira chiyani pakhomo pano ngati nkhuku yofuna poikira? Bwanji osangodutsa kamodzi? Masabata anapita ine ndikuthawa chifuwa cha munthu wodwala, ndikuchiyesa moni wa masiku onse. Iwo anali chikhalire pansi pa mango paja, kumunda atalephera.

Anandidzutsa ndi mayi wina wa ku Mangochi amene ali ndi golosale pamsewu. Ndinkagwirizana naye chifukwa tonse tinali alendo, ndipo kwa iye ndinkalankhula Chichewa momasuka. Tsiku limenelo ndinapita kukagula sopo.

"Achemwali," anatero akukulunga sopoyo, "apongozi anu aja mukuwadyetsa?"

"Mukutanthauza chiyani? Ndimaphikira ndani ine tsiku lililonse?"

"Musandikalipire ine. Mwawaona posachedwapa?"

"Ndiwaone ndi maso ati?"

Anatsitsa mawu. "Anabwera kuno dzana. Buluku amanga ndi chingwe, lamba wakana. Kuchoka kwanu kuja kufika pano anapumira panjira. Chifuwa chimenecho si chimfine, achemwali. Mchimwene wanga anatsokomola chomwecho."

Sindinafunse kuti mchimwene wakeyo ali kuti tsopano.

Nditabwerera kunyumba ndinaima kuseri kwa nkhokwe n'kumvetsera, koyamba chikhalire changa pakhomopo. Sikanali kakhosomo ka ulemu kaja. Chinali chifuwa chochokera pansi, chachitali, chomaliza ndi kulavula ndi kubuula. Atalowa m'nyumba mwawo ndinapita pansi pa mango paja. Anali atakwirira ndi phazi, koma osakwanitsa. Mumchenga munali magazi. Ndinakhala pansi pompo.

Kuwatengera kuchipatala inali nkhondo ina. Ndinati, "Uwauze agogo ako kuti mawa tipite kuchipatala." Iwo anati, "Uwauze amako kuti ndi fumbi la mpunga, lidzatha lokha." Fumbi la mpunga m'dzinja! Ndinachita kuimbira amuna anga, iwo n'kuimbira bambo awo, ndiye anavomera. Tinakwera makabaza awiri, iwo patsogolo, ine kumbuyo kutali, maso ndili pa matayala.

Anawapatsa kabotolo ka makhololo. Zotsatira zoyamba sizinaonetse kanthu, ndipo ndinasangalala ngati chitsiru. Koma adokotala sanakhutire, anati tipite kuboma akawajambule m'chifuwa. Masiku odikira amenewo sindikufuna kuwakumbukira. Ndinkapemphera kuti chikhale chibayo, chikhale china chilichonse chomwa mankhwala sabata imodzi n'kuiwala.

Tsiku lokamva zotsatira, adokotala, mnyamata wa kum'mwera wolankhula mothamanga, anasuzumira pakhomo n'kuitana, "Gadiyani wa agogowa alowe."

Ndinazengereza. Kachipindako kanali kakang'ono, mipando iwiri ndi tebulo.

"Mayi, kunja kuno kuli anthu ambiri. Lowani."

Ndinalowa n'kuima pachitseko, chitenje kumutu, maso pa simenti. Ndinamva mpando ukukhwekhwereza: Tata anautembenuza kuyang'ana kukhoma. Adokotala anaona kuti wodwala wawapatsa nkhongo, ndiye zonse anafotokozera ine. Anati mapapo akuonetsa zizindikiro za chifuwa chachikulu, TB. Anati sanganene motsimikiza kotheratu poti makhololo sanaonetse, koma kudikira n'koopsa, ayambe mankhwala. Miyezi isanu ndi umodzi, m'mawa uliwonse asanadye, osadumphitsa. Anati mkodzo udzafiira, tisaope, ndi mankhwalawo. Anati akasiyira panjira matendawo amabwerera ali okhwima, osamvanso mankhwala amenewa, ndipo njira yotsalayo ndi yaitali, yowawa, ena saimaliza.

"Ndipo inu gadiyani," anatero, "muziwaona ndi maso anu akumeza. Osati kungowapatsa. Kuwaona."

Ndinayesa kufotokoza kuti ine ndine mkamwana, mkazi wa mwana wawo, kuno sizitheka. Anapukusa mutu akulemba. "Mwambo umenewo muusiye kaye, mayi. Kulibe wina kunyumba?"

"Kulibe."

"Ndiye ndinu basi. Agogo, mwamva?"

Tata anayankhira kukhoma. "Ndaga." Ndiko kuthokoza kwa Chinkhonde. Ine ndinayesa amva. Sindinaganize kuti munthu wamanyazi chotero, wotsekeredwa m'kachipinda ndi mkazi wa mwana wake, makutu ake amakhala atatsekeka, ndiponso kuti Chichewa chothamanga chija chinkangowadutsa.

Ndinapeza njira yanga yomwe ndinkaiona ngati yanzeru. M'mawa uliwonse ndinkaika mapilitsi m'kambale ndi kapu ya madzi pakhonde pawo, n'kubisala pakona ya nyumba kumvetsera. Ndinkamva chitseko, kenako kapu ikugunda pansi. Ndikapita ndinkapeza zonse zilibe kanthu. Masabata oyamba zinayendadi. Mbale ya chakudya inayamba kubwerera yopepuka, ndipo m'mawa wina ndinawamva akuyesa kuimba kukhola. Ndinauza amuna anga pafoni kuti Mulungu ndi wamkulu.

Za mkodzo zija zinkandivutitsa mumtima. Ndinkafuna kuwakumbutsa. Tsiku lina ndinayamba ndithu, "Uwauze agogo ako kuti akaona..." Lilime linakana. Mawu amenewo, kwa apongozi aamuna, ngakhale kudzera mwa khanda? Ndinamaliza ndi za mchere. Ndinadzitonthoza kuti pajatu anali momwemo adokotala akunena.

Kenako mtsinje unasefukira monga umachitira kwathu kuno, madzi anafika mpaka kukhola, msewu unaduka. Alangizi azaumoyo amene ankatiyendera mwa apo ndi apo sanathenso kufika. Chifuwa chinabwerera. Kuimba kunatha. Mbale inayambanso kubwerera yodzaza, koma kambale ka mapilitsi kokha kankabwerera koyera m'mawa uliwonse.

Madzi ataphwa ndinapita kuseri kwa khola kukatola nkhuni zomwe anakokolola. Ndinaona nkhuku zikutompha tinthu m'matope. Matope ake anali ndi madontho ofiira ponseponse, ena atasungunuka, ena akadali athunthu. Mapilitsi! Ambirimbiri. Mayo ine! Ndinalira mokweza, osasamala kuti amva ndani. Ndinakwiyira iwo, ndinakwiyira amuna anga okhala kutali, ndinakwiyira ngakhale apongozi aakazi m'manda mwawo pondisiyira zimenezi. Foni ya amuna anga inali yosapezeka tsiku lonselo.

M'mawa mwake ndinakasiya mwana kwa mayi wa golosale uja. Ndinatenga kambale ndi kapu. Sindinaziike pakhonde. Ndinakankha chitseko n'kulowa.

M'nyumbamo munkanunkha thukuta ndi utsi. Anali atakhala pamphasa atatsamira khoma. Atangoona kuti ndine, anakoka bulangete n'kudzifunda kumutu.

"Tata," ndinatero. "Tata, ndine. Imwani mankhwala ndikuona."

Kenako pansi pa bulangete panatuluka mawu aang'ono: "Iwe kamwana..."

"Mwana kulibe. Ndamusiya kumsewu. Mulankhule ndi ine."

Anakokanso bulangete lija, ine ndinapitiriza.

"Ndawaona mapilitsi kukhola. Mukufuna kufa? Mukufuna mwana wanu akabwera adzapeze manda? Ndidzamuuza chiyani ine?" Ndipo poti ndinali nditaswa kale zonse, ndinanena ndi zinazo. "Mkodzo wofiirawo si magazi. Ndi mankhwala. Adokotala ananena. Si magazi, Tata."

Bulangete linagwedezeka ngati ndawamenya. Ndinagwada patsogolo pawo, kambale m'manja. "Sindichoka muno. Ng'ombe zilire, moto uzime, ine sindichoka."

Tinakhala choncho nthawi yaitali. Chifuwa chinawagwira, anatsokomola mpaka kupindika, ndipo kuti apeze mpweya anatsitsa bulangete. Maso anali atatsinzina mwamphamvu. Anatambasula dzanja, ndinawaikira mapilitsi, anameza ndikuona kholingo likukwera n'kutsika. Misozi inkatuluka m'maso otsekawo n'kumatsikira m'ndevu. Ine ndinawayang'ana. Ndinawayang'anitsitsa ndithu, chifukwa ndi zimene ndinauzidwa, komanso chifukwa sindinathe kuleka.

Ndinachita chimodzimodzi m'mawa wotsatira, ndi winawo. Sanatsegulepo maso, sanandilankhulepo, koma ankameza. Ndinayamba kuganiza kuti tapambana.

Sabata isanathe kunafika azakhali a amuna anga, mlongo wa Tata wa ku Iponga, ndi amuna awiri a pachibale pa njinga zamoto. Tata anali atawaimbira. Azakhaliwo sanakhale ndi pansi pomwe. Anandiitana pabwalo, anthu oyandikana nafe atayamba kale kusonkhana.

"Ndiwe amene ukulowa m'nyumba ya mlongo wanga?"

"Azakhali, akutaya mankhwala. Adokotala anati..."

"Adokotala ndi amene anakulowola? Wamuvula munthu wamkulu. Wamutchulira zosatchula. Mankhwala akowo akumukodzetsa magazi, ndiye ukumukakamiza ngati mwana. Kwanu mumatero?"

Ndinafotokoza, ndinalumbira, ndinagwada m'matope. Ndinati itanani alangizi, itanani aliyense wodziwa, akuuzeni. Ndinati ngati pali chindapusa amuna anga adzalipira, mbuzi, ng'ombe, chilichonse, koma munthuyu amalize mankhwala. Amuna awiri aja ankangoyang'ana kumbali. Mayi wina wapafupi amene ankandibwereka mtondo tsiku lililonse anati, "Ifenso tinasamala apongozi, koma sitinafike apa." Ndinafuna kumulavulira.

Anawatulutsa atawafunditsa nsalu. Sanakane, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandipweteka mpaka lero. Anasankha okha. Atawakweza pa njinga, pakati pa woyendetsa ndi wowagwirira, ndinathamanga ndi mankhwala otsala n'kuwapereka kwa azakhali. "M'mawa uliwonse, asanadye. Chonde. Muziwaona akumeza." Anawaponya m'dengu osawayang'ana. "Tidzaona," anatero.

Injini italira, Tata ananena pansi pa nsalu paja, "Iwe kamwana, uwauze amako kuti mpunga wa kumunsi uja wayamba kucha, mbalame zisaumalize." Basi, anapita.

Amuna anga anapezeka pafoni madzulo ake. Azakhali anali atawafikira kale. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Unawayang'anadi?"

"Eya, ndinawayang'ana!" ndinakuwa. "Mukanakonda ndiwayang'ane m'bokosi? Funsani za mankhwala, inu! Funsani ngati akumwa!"

Anati ndisakweze mawu, akambirana ndi azakhali. Anakambiranadi, kangapo konse, koma munthu ali kutali mawu ake salemera.

Ndinapita ku Iponga ndi mankhwala a mwezi wotsatira, mwana kumsana. Anandiimitsa panjira, pakhomo sindinafike. Mtsikana wina wa pamenepo anandiuza monong'ona kuti mapilitsi aja ali patsindwi chiwaikireni, akuwamwetsa mizu yowiritsa. Ndinakauza alangizi, iwo anatumiza uthenga kwa anzawo a kumeneko. Anapitako, analandiridwa bwino, anapatsidwa mpando, Tata anati ndaga. Zinathera pomwepo.

Mpunga ndinakolola ndi aganyu. Nthawi yopuntha ndinamva kuti awatengera kuchipatala atalephera kuima okha. Ndinathamangirako, koma m'wodi sindinalowe, azakhali anali pambali pa bedi. Ndinadikira adokotala pakhonde. Anandizindikira. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Anangoti tsopano palibenso chokayikitsa, ndi TB, ndipo akuopa kuti yakhwima. Makhololo atumiza kukayezedwa kuti adziwe mankhwala oyenera. Akapezeka kuti ndi yosamva mankhwala, ulendo wake ndi wautali kwambiri.

"Thupi limenelo lingaukwanitse?" ndinafunsa.

Anayang'ana mwana wanga, n'kundifunsa ngati akumwabe mankhwala omuteteza ku TB amene anamupatsa agogo ake atayamba awo. Ndinati eya. Anati ndipitirize, kenako analowa m'wodi.

Zotsatira zija zinabwera titaika kale maliro a Tata.

Amuna anga sanaloledwe kubwera, ulendo wake unali wosatheka m'masiku ochepa. Pamaliro ndinakhala kuseri ndi amayi ophika, ndikutsuka mbale. Palibe anandithamangitsa, palibenso anandilankhula kupatula kundiuza pothira madzi. Nthawi yoona nkhope itakwana, anthu anandandana. Ine ndinatsala pa mbale zanga.

Patapita masiku, anthu atabalalika, amuna anga anaimba masana ndikupeta mpunga pakhonde. Tinakamba za ng'ombe, za denga lodontha, za mwana amene anali atayamba kuima. 

"Amake mwana," anatero. Mawu awo anali achilendo. "Azakhali akungoti anagona bwino. Alongo anga anafika atatseka kale maso. Ine chichokereni sindinawaone. Iwe unawaona ali moyo. Ndiuze, anali bwanji?"

Ndinaika lichero pansi. Mkwiyo wonse womwe ndinawasungira unali wokonzeka kutuluka. Koma munthuyo ankalira.

Ndinawauza. Ndinati masaya anali atalowa, ndevu zitachita mbuu, khosi litatsala mitsempha yokhayokha. Ndinati pamwamba pa diso lamanzere anali ndi chipsera chaching'ono.

"Ng'ombe inawagunda ine ndili mwana," anatero.

Ndinati makutu awo ndi omwewa a mwana wathuyu, ndipo chipumi ndi chanu chomwecho.

"Nanga maso?" anafunsa. "Ankaoneka amantha?"

"Maso sindinawaone," ndinatero. "Sanatsegule."